Chifukwa chake masipeya a magalimoto akale a liwiro amasowa, ndi kumene amapezeka

Galimoto ya liwiro ya zaka 30 ikhoza kukhala ndi injini yabwinobwino, koma n'kukhala chaka chathunthu pa galaja chifukwa cha kapayipi kamodzi ka labala kamene fakitale inasiya kupanga. Vutoli lakula ku Japan, ku Ulaya ndi ku Amereka moti makampani ena ayambanso kupanga masipeya amene anawasiya kalekale.

Masipeya ambiri a galimoto sapangidwa ndi kampani imene dzina lake lili pa boneti. Nyali, mapayipi, mawaya ndi malabala zimachokera ku mafakitale ena, ndipo chilichonse chili ndi chikombole chake. Mtundu wa galimoto ukasiya kupangidwa, ogula masipeya ake amachepa chaka ndi chaka. Kusunga chikombole kumadya malo ndi ndalama, choncho pamapeto pake chimatayidwa. Magalimoto a liwiro amavutika msanga chifukwa amapangidwa ochepa. Mwachitsanzo, magalimoto a Porsche 959 anapangidwa 292 okha.

Zinthu zinayamba kusintha mitengo ya magalimotowa itakwera. Lamulo la ku Amereka limalola galimoto ya kunja imene yakwanitsa zaka 25 kulowa m'dzikolo mosavuta. Nissan Skyline GT-R ya mtundu wa R32, imene inatuluka mu 1989, inakwanitsa zakazo mu 2014, ndipo ogula anachuluka. Mu Disembala 2017 kampani ya Nissan, kudzera ku nthambi yake ya NISMO, inayambanso kugulitsa masipeya pafupifupi 80 a galimotoyi, kuphatikizapo mapayipi, mawaya ndi zizindikiro. Kenako inawonjezera a mitundu ya R33 ndi R34.

M'chaka chomwecho Mazda inatsegula ntchito yokonzanso Roadster yoyamba ya 1989, imene m'mayiko ambiri imadziwika kuti MX-5. Toyota nayo ili ndi ndondomeko ya GR Heritage Parts. Inayamba ndi Supra ya A70 ndi A80, imene anaipangiranso zinthu monga zogwirira zitseko ndi nyali zakutsogolo, ndipo mu 2021 inafika pa Corolla AE86 ndi Land Cruiser 40. Porsche inasankha njira ina pa masipeya ofunika ochepa kwambiri: mu 2018 inalengeza kuti kachitsulo ka klachi ya 959 kakupangidwa ndi makina osindikiza a 3D, opanda chikombole.

Komabe ndondomekozi zimakhudza magalimoto otchuka okha, ndipo pa galimoto iliyonse masipeya obwezeretsedwa ndi ochepa. Eni ake ambiri amadalira njira zina zinayi.

Yoyamba ndi kufunafuna masipeya atsopano amene anatsalira m'masitolo akale osagulidwa. Achitsulo amakhala abwino ngati a dzulo, koma labala amauma ndi kung'aluka ngakhale ali m'bokosi.

Yachiwiri ndi kuphwasula galimoto ina ya mtundu womwewo imene inachita ngozi kapena inafa injini. Njirayi imathandiza pa zitseko, magalasi ndi mipando.

Yachitatu, imene amakaniko odziwa amayambira, ndi kuyang'ana galimoto wamba imene ili ndi sipeya yofanana. Makampani amaika injini imodzi m'magalimoto angapo. Injini ya 1JZ-GTE ya mu Supra A70 ya ku Japan inaikidwanso mu Mark II, Chaser ndi Cresta. Ya 2JZ-GTE ya mu Supra A80 ilinso mu Aristo, ndipo ya 4A-GE ya mu AE86 ilinso mu MR2 yoyamba. Sipeya imene yasowa pa dzina la galimoto ya liwiro nthawi zina imapezeka, pa mtengo wotsika, pa dzina la galimoto ya banja.

Yachinayi ndi kupangitsa chatsopano potengera chakale. Wosula zitsulo pa makina akhoza kupanga bawuti, bushi kapena chogwirizira, ndipo payipi ya mafuta ikhoza kudulidwa pa muyeso wake. N'chifukwa chake sipeya yothyoka sitayidwa mpaka ina itapezeka ndi kulowa bwino.

Nkhaniyi ikukhudzanso oyendetsa magalimoto m'chigawo cha Tete, ngakhale magalimoto a liwiro ndi osowa m'misewu ya kuno. Dziko la Mozambique limayenda kumanzere ngati Japan, ndipo magalimoto ambiri a kaunjika amachokera komweko. Amafika atayenda kale zaka zingapo, choncho tsiku limene masipeya ake adzasiye kupangidwa silikhala patali.

Chothandiza kwambiri ndi nambala. Magalimoto opangidwira msika wa ku Japan ali ndi nambala ya chasisi imene imayamba ndi zilembo za mtundu wake, monga JZA80 kapena AE86, ndipo imalembedwa pa kachitsulo ka m'kati mwa boneti. Nambalayi ndi imene imatsogolera ku nambala yeniyeni ya sipeya m'mabuku a kampani. Kuitanitsa ndi dzina la galimoto lokha kumabweretsa katundu wosalowa, chifukwa magalimoto a dzina limodzi amasiyana malinga ndi chaka komanso dziko limene anapangidwira. Kubweza katundu ku Japan kapena ku Johannesburg, ndalama ya mayendedwe ndi msonkho wa ku Alfândega zitalipidwa kale, n'kuluza kawiri.

Pali masipeya ena amene sayenera kugulidwa akale ngakhale atatchipa bwanji: mapayipi a mabuleki, malamba a injini, malamba a pa mpando ndi matayala. Chogwirira chitseko chikathyoka, munthu amatulukira khomo lina. Payipi ya buleki ikaphulika potsetsereka pa msewu wa ku Zóbuè kapena wa ku Angónia, pamatayika miyoyo.