Vinyo wa zipatso za kwathu: phunziro kwa alimi a ku Chileka ndi Lirangwe

Aliyense amene anayendapo pa msewu wochoka ku Blantyre kudzera pa Lirangwe m'mwezi wa Disembala amadziwa mmene mango amachulukira. Amayi amakhala nawo m'mbali mwa msewu tsiku lonse, ndipo otsala amangoolera pansi pa mitengo. Ku Chileka nakonso n'chimodzimodzi. Kodi zipatso zimenezi sizingasungike mwa njira ina kuti zipindulire mabanja? Njira imodzi ndiyo kuzisandutsa vinyo.

Chitsanzo chilipo m'dziko mwathu momwe muno. Ku Lilongwe, banja la a Timothy ndi mayi Margaret Ngwira linayamba kupanga vinyo pakhomo m'chaka cha 1978, ndipo ntchitoyo inakula mpaka kubala vinyo wotchedwa Linga. Iwo sanadalire mphesa ayi, koma zipatso zogula kwa alimi ang'onoang'ono monga magwafa, mabulosi, mapichesi, jambula ndi chidede.

Kapangidwe kake nkosavuta kumva, koma kamafuna ukhondo ndi kudekha. Wopanga amasankha zipatso zakupsa bwino, zopanda banga, nazitsuka ndi kuziphwanya. Mphesa zimakhala ndi shuga wokwanira pazokha, pamene zipatso zambiri zimafuna kuonjezera madzi ndi shuga. Kenaka amathira yisiti. Yisiti ndi tizamoyo tosaoneka ndi maso timene timadya shuga uja ndi kumusandutsa mowa, kwinaku tikutulutsa mpweya. N'chifukwa chake chigubu chimatsekedwa mwa njira yoti mpweya wa m'kati uzituluka koma wa kunja usalowe. Wa kunja ukalowa, vinyo amasasa nasanduka viniga.

Kuwira kukatha, nsenga zimadikha pansi. Vinyo amatsanulidwira m'chotengera china mosamala, kangapo konse, mpaka atayera. Pambuyo pake amasiyidwa kwa miyezi kuti akhwime asanathiridwe m'mabotolo. Kwa anthu a ku Chileka ndi Lirangwe, mdani wamkulu pa ntchitoyi ndi kutentha, pakuti yisiti safuna malo otentha kwambiri. Pamafunika chipinda chozizira ndi chamthunzi.

Apa tisiyanitse zinthu. Vinyo si kachasu. Kachasu amatchezedwa pamoto ndipo ukali wake umakwera kwambiri, pamene vinyo amangowira yekha, ukali wake nulekezera pafupi ndi magawo 12 kapena 14 pa 100 alionse. Komabe vinyo ndi choledzeretsa ndithu, ndipo wofuna kugulitsa ayenera kukhala ndi chilolezo komanso kuyezetsa katundu wake ku bungwe la Malawi Bureau of Standards.

Akhristu ena amafunsa ngati vinyo wotereyu angagwiritsidwe ntchito pa Nsembe ya Misa. Yankho ndi lakuti ayi. Lamulo la Mpingo nambala 924 limafuna vinyo weniweni wochokera ku mphesa, wosasakaniza ndi wosaonongeka. Ku Tanzania amishonale anachita kudzala okha mpesa ku Bihawana, kufupi ndi Dodoma, ndipo lero dera limenelo limadziwika ndi ulimi wa mphesa.

Tsono vinyo wa mango kapena magwafa ndi wa pamsika, osati wa paguwa. Phindu lake lagona pakuti chipatso chimene chikanaola m'sabata imodzi chimasungika chaka chathunthu. Magulu a alimi amene akufuna kuyesa ayambe ndi zigubu zochepa, afunse kwa odziwa, ndipo asathamangire kugulitsa vinyo asanakhwime.