Namwino Akaitanidwa ku Ntchito Ina

M'zipatala za boma ndi za mishoni, nkhani yosiya ntchito sikambidwa mokweza. Imanong'onedwa usiku mu wodi odwala atagona, kapena m'mawa posinthana shifiti: "Asisita, anditenga ku pulojekiti ija. Ndipite kodi?" Wofunsayo nthawi zambiri amakhala kuti kalata ali nayo kale m'chikwama, ndipo malipiro olembedwamo akuposa amene amalandira mwezi ndi mwezi. Anthu akunja amaganiza kuti apa palibe chofunsa. Koma alipo anamwino ambiri amene amaiwerenga kalatayo, kuisunga masiku angapo, kenako n'kuyankha kuti zikomo, nditsala konkuno. Anthu amenewa sitiwamva kawirikawiri, chifukwa wotsala sachitiridwa phwando lotsanzikana.

Tiyambe ndi ntchitoyo. Anamwino ndi azamba athu amaphunzira njira ziwiri. Ena amatenga digiri ya zaka zinayi, ambiri mwa iwo ku sukulu imene kale inkatchedwa Kamuzu College of Nursing, yomwe mu 2021 inaphatikizidwa ndi College of Medicine kukhala Kamuzu University of Health Sciences. Ena, omwe ndi ochuluka, amatenga dipuloma ya zaka zitatu ku Malawi College of Health Sciences kapena m'makoleji a mipingo omwe ali pansi pa CHAM, monga Nkhoma, Ekwendeni, Malamulo, Mulanje Mission, St Luke's ku Malosa ndi Trinity ku Nsanje. Onsewa sangakhudze wodwala asanalembetsedwe ku Nurses and Midwives Council of Malawi.

Akayamba ntchito m'pamene amaona kuti buku silinanene zonse. Pa chipatala chaching'ono cha kumudzi, namwino mmodzi kapena awiri ndi amene amayendetsa sikelo ya amayi oyembekezera, kulera, katemera ndi chipinda chochirira. Nyumba yake imakhala pafupi ndi chipatala, choncho kuweruka ndi mawu chabe: mayi akafika pa njinga pakati pa usiku matenda atayamba, alonda amagogoda pakhomo pake. Magetsi akazima, mwana amabadwa pa tochi ya foni. Ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba ndi Mzuzu, kapena ku Bwaila kumene amayi amachira usana ndi usiku, vuto ndi kuchuluka kwa anthu. Bedi likasowa, wodwala amagona pansi, ndipo namwino amagwada kuti amubaye jakisoni. Nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700, anali anthu omwewa amene ankasinthana m'matenti, kupachika madiripu mpaka kucha.

Munthu wogwira ntchito yotere akaitanidwa kwina, palibe angamudzudzule akapita. Zitseko zimene zimatseguka ndi zitatu. Pali mabungwe ndi malo a kafukufuku, monga Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre, UNC Project ku Lilongwe ndi Partners In Health ku Neno. Pali zipatala zolipira za m'tauni. Ndipo pali Britain, komwe anamwino athu anayamba kukhamukira chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, mpaka mawodi kutsala m'manja mwa anthu owerengeka. Kuchoka kwa anamwinoku kunafika poopsa moti mu 2005 boma, mothandizidwa ndi DFID ndi Global Fund, linawonjezera malipiro a ogwira ntchito zaumoyo ndi 52 peresenti kuti anthu aleke kuthawa. Zinathandiza ndithu. Koma ndalama imatha mphamvu. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo malipiro amene ankafika kumapeto kwa mwezi tsopano amathera pakati. Ambiri amadzigwiriziza ndi lokamu, kugwira shifiti yowonjezera pa tsiku lopuma, koma ndalama ya lokamu imachedwa kubwera. Ena amadalira banki m'khonde, geni ya kaunjika kapena munda wa chimanga kumudzi.

Nanga wotsalayo amaona chiyani chimene ife sitiona? Choyamba amawerenga kalatayo mpaka pansi. Pamwamba pamakhala malipiro, koma pansi pamakhala mawu akuti kontirakiti ndi ya chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo idzapitirira ngati ndalama za opereka thandizo zilipo. Kwa zaka zambiri mawu amenewa ankaoneka ngati ongodzazira pepala. Mu January 2025, boma la America litaimitsa thandizo lake la kunja, ogwira ntchito ambiri m'mapulojekiti a zaumoyo, kuno ndi m'maiko oyandikana nafe, anauzidwa kuti ayambe akhala kunyumba. Anzawo a m'boma, ndi malipiro awo ochepawo, anapitabe ku ntchito m'mawa wake. Kubwereranso m'boma nako sikophweka monga kale, chifukwa pakhomo pali mzere wa achinyamata omaliza maphunziro amene akhala zaka akudikira kulembedwa.

Ntchito ya boma ili ndi zinthu zimene siziwoneka pa peyisilipi ya mwezi umodzi. Ili ndi penshoni. Ili ndi zaka zimene munthu waunjika, zomwe zimawerengedwa pokwezedwa udindo. Banki imakongoza wa ntchito yokhazikika mosavuta, ndipo nyumba zambiri za anamwino m'mataunishipi zinamangidwa pang'onopang'ono ndi ngongole zotere. Chachikulu kwa ine ndi sukulu. Namwino wa dipuloma amene akuyembekeza kupita kukawonjezera maphunziro ali pa tchuthi chololedwa, malipiro akulowabe, akasiya ntchito lero ndiye kuti wataya malo ake pa mzere umenewo. Pulojekiti ingamulipire bwino zaka ziwiri, koma idzamusiya ndi pepala lomwe lija anabwera nalo.

Palinso nkhani ya manja. Ntchito zina za m'mabungwe ndi za mafomu, makompyuta ndi misonkhano ya m'mahotela. Ndi ntchito zofunika, sindikuzinyoza. Koma mzamba amene manja ake anazolowera kudziwa mmene mwana wagonera m'mimba, amene amaona nkhope ya mayi n'kuzindikira kuti magazi akutayika asanayeze n'komwe, akakhala zaka zitatu pa desiki luso limenelo limazilala. Ena amakana ntchito yatsopano pa chifukwa chokhachi: anaphunzira unamwino kuti azisamalira odwala, ndipo akudziwa kuti mu ofesi adzasowa mtendere.

Za ku Britain n'zolemera kuposa zonsezi. Malawi ali pa mndandanda wa maiko 55 amene bungwe la WHO linati mu 2023 ali ndi kuperewera kwakukulu kwa ogwira ntchito zaumoyo, choncho malamulo a Britain salola kuti olemba ntchito abwere kudzakopa anamwino kuno. Munthu amafunsira yekha. Amalemba mayeso a Chingerezi, IELTS kapena OET, kenako mayeso a pa kompyuta, ndipo akafika kumeneko amayesedwanso pa ntchito ya manja asanaloledwe kugwira ngati namwino. Wodutsa mayeso awiri oyambawo n'kulandira kalata ya chipatala cha NHS wagwira ntchito yaikulu. Komabe ena amafika pomwepo n'kuima. Amawerengera lendi ya kumeneko, amaganiza za ana amene kulibe azakhali owalera, za mayi wokalamba amene amamwa mankhwala a BP tsiku lililonse, za maliro amene adzawaonera pa WhatsApp. Mapaundi amamanga nyumba ndi kulipira fizi ya abale, zimenezo n'zoona, ndipo opitawo athandiza mabanja ambiri. Koma wotsala chifukwa cha makolo ake sanalephere masamu ayi. Wangowerengera zinthu zimene mnzake sanaziike pa sikelo.

M'makampani, munthu akaonetsa abwana kalata ya ntchito ina, nthawi zina amamuwonjezera malipiro kuti asachoke. M'boma zimenezo kulibe. Malipiro amayendera giredi, ndipo ametironi sangawonjezere ngakhale tambala imodzi. Chimene namwino angapemphe ndi china: kusamutsidwa kupita kumene kuli mwamuna kapena mkazi wake, kuchoka mu wodi imene yamutopetsa, kapena kusainiridwa kalata ya sukulu. Ndimalimbikitsa kuti wotsala azipempha zimenezi poyera, mwaulemu, nthawi yomwe kalata ina ili m'manja. Kutsala mwakachetechete, mtima uli kwina, n'kumene kumabala namwino waukali amene odwala amamudandaula. Wotsala ayenera kudziwa chimene watsalira.

Kukana nako kuli ndi kachitidwe kake. Mapanga awiri avumbwitsa: munthu asavomere uku akadali kuzengereza uko, mpaka tsiku loyamba ntchito kufika iye osaoneka, foni atazimitsa. Anthu a zaumoyo m'dziko muno ndi ochepa ndipo amadziwana. Amene anakufunsa mafunso pa intavyu lero ndi yemwe udzakumane naye ku msonkhano chaka chamawa, mwinanso anaphunzira kalasi imodzi ndi asisita ako. Kalata yaifupi, yotumizidwa msanga kontirakiti isanasainidwe, yothokoza ndi kunena mosabisa kuti waganiza zopitiriza kumene uli, imasiya khomo lotsegula. Imapatsanso mpata munthu wachiwiri pa mndandanda, amene mwina wakhala pakhomo chimalizireni sukulu.

Chimene chimandipweteka n'chakuti mnzawo akachoka, otsala ndi amene amasenza katundu wake. Malo ake satsekedwa mwezi womwewo. Shifiti za usiku zimachuluka, tchuthi chimasunthidwa, ndipo ophunzira obwera ku pulakitiko amadalira anthu omwewo kuti awaonetse kupeza mtsempha pa dzanja la khanda. Bungwe la anamwino ndi azamba, NONM, lakhala likulankhula za malipiro ndi kulembedwa kwa anamwino atsopano, ndipo nkhondo imeneyo ndi yaitali. Koma zina sizidikira bajeti ya ku Nyumba ya Malamulo. Akuluakulu a zaumoyo m'maboma ndi eni zipatala za mishoni angathe kulipira lokamu pa nthawi yake, kukonza denga lodontha la nyumba ya namwino wa kumudzi, ndi kusaina kalata ya sukulu ya munthu amene wagwira zaka zake mokhulupirika m'malo moisiya mu fayilo mpaka chaka cha maphunziro chitadutsa.