Jekiseni wokulitsa matako ndi mawere: dziwani kuopsa kwake musanavomere

Lero tikambirane nkhani imene ambiri amachita nayo manyazi, koma yafika kale m'makomo mwathu kudzera pa foni. Mtsikana akatsegula Facebook kapena WhatsApp amaona zithunzi za akazi a matako aakulu, ndipo pansi pake pamakhala uthenga womulonjeza kuti nayenso atha kukhala choncho akangobayitsa jekiseni. Ana athu amapita ku tauni ndi ku Joni kukafuna ganyu, ndipo kumeneko amatha kukumana ndi anthu otere maso ndi maso. Ndi bwino adziwe zoona asanachoke pakhomo.

Kodi silikoni ndi chiyani?

Silikoni ndi chinthu chopangidwa ku fakitale. Wina amaoneka ngati mafuta olimba, wina ngati phala. Pali wina wotsukidwa bwino amene amagwira ntchito m'zipatala. Palinso wa m'mashopu a zomangira, womatira magalasi a mazenera ndi kutsekera malo odontha. Wachiwiriyu ndi wotchipa, ndipo obaya anzawo mobisa m'nyumba, m'saluni kapena m'chipinda cha alendo nthawi zina amagwiritsa ntchito yemweyo. Inu simungadziwe chimene chili m'botolo lawo.

Silikoni amalowa m'thupi m'njira ziwiri. Yoyamba ndi kubaya wamadzimadzi ndi jekiseni. Yachiwiri ndi kuika kathumba ka silikoni m'bere kapena m'thako pa opaleshoni.

Kuopsa kwa jekiseni

Mankhwala a malungo mukamwa, thupi limawagwiritsa ntchito kenaka amatuluka. Silikoni satero. Thupi silitha kumusungunula, choncho amakhala momwemo moyo wanu wonse. Taganizani mutathira mafuta ophikira mu ufa, mungawatolenso? Ndi mmene silikoni amalowerera m'mnofu.

Choyamba, singano ikalasa mtsempha, silikoni amayenda ndi magazi mpaka kukatseka timitsempha ta m'mapapo. Munthu amabanika, chifuwa chimapweteka, amatha kutsokomola magazi, ndipo ena amamwalira pasanathe masiku ochepa.

Chachiwiri, silikoni sakhala malo amodzi. Amene anabayidwa m'matako amatha kutsikira ku ntchafu ndi ku miyendo.

Chachitatu, thupi limalimbana naye ngati mdani, ndiye pamabuka zotupa zolimba ndi zopweteka. Khungu limatha kuda, kuphulika n'kukhala chilonda chosapola. Izi zimatha kuyamba patapita zaka, munthu ataiwala kale za jekiseni uja.

Chachinayi, pamalo opanda ukhondo tizilombo timalowa ndi singano. Pamachita mafinya, ndipo matenda amatha kufalikira m'magazi. Singano imodzi ikabaya anthu angapo imapatsa HIV ndi matenda a chiwindi otchedwa hepatitis B ndi C.

N'chifukwa chake mu 2017 bungwe loona za mankhwala ku America, la FDA, linachenjeza anthu kuti silikoni wobaya ndi jekiseni ndi wosaloledwa pokulitsa matako kapena mawere. Ku Brazil, kumene kumachokera ma novela amene timakonda kuonera, mayi wina wotchuka pa kanema, Andressa Urach, anatsala pang'ono kufa mu 2014. Anagonekedwa m'chipinda cha odwala mwakayakaya chifukwa cha mankhwala ena okulitsa thupi amene anabayitsa m'ntchafu. Iyeyo anali ndi ndalama komanso zipatala zikuluzikulu pafupi. Nanga ife amene timayenda mtunda wautali kuti tipeze chipatala?

Nanga timathumba ta opaleshoni?

Timeneti amaika ndi madokotala ophunzira, ndipo timathandiza amayi ena amene anachotsedwa bere chifukwa cha khansa. Koma natonso tili ndi mavuto ake. Kathumba sikakhala mpaka kalekale. Kamatha kung'ambika, ndipo nthawi zina mwini wake osamva kanthu. Mnofu wozungulira umatha kukungika, bere n'kuuma ndi kupweteka. Mtundu wina wa timathumba, tokhakhala kunja kwake, unapezeka kuti umatha kuyambitsa khansa ina yosaonekaoneka, ndipo mu 2019 kampani ya Allergan inachotsa timathumba take totere pamsika. Mu 2010 boma la France linaletsa timathumba ta kampani ya PIP litapeza kuti munali silikoni wa m'mafakitale, wosayenera kulowa m'thupi la munthu. Amayi ambirimbiri m'mayiko osiyanasiyana anali atawaika kale. Woika kathumba ayenera kudziwa kuti adzafunika kupimidwa kawirikawiri, mwinanso opaleshoni ina kutsogolo, ndipo zonsezi ndi ndalama.

Ngati munabayitsa kale

Musataye mtima ndipo musabisale. Thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo mukaona izi: kubanika, kupweteka pachifuwa, kutsokomola magazi, kutentha thupi, kusokonezeka mutu, kapena malo obayidwawo atatupa, atatentha, akutuluka mafinya. Mukafika, auzeni a namwino zoona: munabayidwa liti, pati, ndipo kangati. Mukabisa, iwo adzataya nthawi kufufuza malungo kapena chibayo pamene vuto lili pena. Ngati botolo muli nalo, litengeni.

Musafinye chotupacho, musachithowe ndi madzi otentha, musatemerepo mphini. Kutero kumangomwaza silikoni ndi kulowetsa tizilombo. Ngakhale mukumva bwino, kapimitseni ndithu, ndipo musabwererenso kukawonjezera.

Mawu kwa makolo ndi abambo

Mtsikana sangodzuka n'kukapereka thupi lake kwa munthu wosamudziwa. Kawirikawiri amakhala atatopa ndi kusekedwa. Pachitsime amunena kuti ndi wouma ngati bango, kunyumba mwamuna akumufanizira ndi akazi a pa foni. Abambo, mawu otere amatha kukankhira mkazi wanu kumanda. Dziwaninso kuti zithunzi zambiri za pa foni zimakhala zokonzedwa ndi kompyuta. Amayi ndi anankungwi, polangiza atsikana ikanipo nkhani imeneyi, monga mmene mumawachenjezera za mimba zosakonzekera.

Ndipo iwe mnzanga amene wasunga ndalama ya jekiseni, dzifunse funso ili: zikavuta usiku, wobayayo adzakhala kuti? Ambiri amazimitsa foni n'kusowa. Otsala ndi iwe ndi mayi ako pa bedi la kuchipatala, mbuzi zikugulitsidwa kuti mupeze ya ulendo.

Mukamva kuti wina akubaya anthu mobisa m'dera lanu, dziwitsani a chipatala kapena a mfumu. Ngati muli ndi funso, tipezeni ife alangizi a zaumoyo a m'mudzi mwanu, tikambirana mwachinsinsi. Pepala ili muwerengereniko mnzanu amene satha kuwerenga.