MAGAZI OUNDANA M'MITSEMPHA: N'CIFUKWA CIANI AMABWERERANSO?

Nkhani ya umoyo sabata ino ndi ya magazi amene amaundana m'mitsempha ya m'kati mwa mwendo. Mwendo umodzi umatupa, umatentha ndi kuwawa, makamaka pa katumba. Ngozi yake ndi yakuti cidutswa ca magazi oundanawo cingathe kucoka ndi kukatseka mitsempha ya m'mapapo. Pamenepo munthu amabanika, amamva kulasa m'cifuwa, ndipo angathe kufa mwadzidzidzi. Mwa anthu 10 amene anadwalapo matendawa, pafupifupi atatu amadwalanso zisanathe zaka 10.

Cifukwa coyamba ndi ca ku mtundu. M'magazi mwathu muli zinthu zoletsa kuundana, zochedwa Protein C, Protein S ndi antithrombin. Anthu ena amabadwa nazo zoperewera, motero magazi ao sacedwa kuundana. Palinso cilema cina ca m'magazi cochedwa Factor V Leiden, cimene cinadziwika mu 1994 mumzinda wa Leiden ku Holland. Ici cimapezeka kwambiri mwa azungu, koma mwa ife n'cosowa. Kuno kwathu matenda a sickle cell ndiwo amene tiyenera kuwaganizira. Ngati munadwala musanakwanitse zaka 50, kapena kholo lanu kapena m'bale wanu wa mimba imodzi anadwalapo, auzeni a dotolo.

Cifukwa caciwiri ndi thupi lenilenilo. Kunenepa kopitirira kumaonjezera ngozi, pakuti mafuta a pamimba amapsinja mitsempha ndipo magazi a m'miyendo amabwerera mocedwa. Kawirikawiri kunenepaku kumayendera limodzi ndi matenda a shuga. Kansa, HIV ndi TB nazonso zimacititsa magazi kuundana msanga. Kwa azimai, ngozi imakula akakhala ndi pakati, m'masabata 6 atangobereka, ndiponso akamamwa mapilisi a cilezi okhala ndi estrogen.

Nanga ticite ciani? Mwendo umodzi ukatupa musauthowe, musaufikise ndipo musatemere mphini. Pitani ku cipatala tsiku lomwelo. Mankhwala oletsa kuundana, monga warfarin kapena rivaroxaban, amamwedwa kwa miyezi yosacepera itatu, ndipo amene matendawa anawabwerera angamwe moyo wao wonse. Musaleke cifukwa cakuti mwendo waphwa.

Amene mukumwa warfarin muzipimitsa magazi pa masiku amene anakuuzani. Repu, cibwabwa ndi bondwe muzidya mofanana sabata ndi sabata, pakuti kusinthasintha kumasokoneza mphamvu ya mankhwalawa. Musamwe aspirin kapena brufen mwa inu nokha. Mukayamba mankhwala a TB nenani, cifukwa rifampicin amafooketsa warfarin ndi rivaroxaban yemwe. Mai amene waima athamangire ku kiliniki, pakuti warfarin amaononga mwana m'mimba, ndipo kumeneko adzamupatsa nyeleti ya heparin m'malo mwake.

Pa ulendo wautali wa basi, monga wocokera ku Chipata kupita ku Lusaka, muzitsika ndi kuongola miyendo basi ikaima, ndipo muzimwa madzi okwanira.