Zikhulupiriro ndi zoona: zimene aphungu amachitadi ku Lilongwe

Nyumba ya Malamulo ikamakumana, wailesi ndi kanema zimatifikitsira mkangano. Phungu waimirira kudula mnzake mawu, sipikala akuitanitsa bata, wina walamulidwa kutuluka panja. M'minibasi ndi pa bawo chigamulo chimakhala chimodzi, chakuti anthu aja amangopita ku Lilongwe kukalongolola ndi kukadya maalawansi. Mkwiyo umenewu uli ndi pochokera ndipo sindikufuna kuuzimitsa. Chondidetsa nkhawa n'chakuti timaulozetsa polakwika. Maso athu ali m'chipinda chachikulu momwe muli makamera, pomwe zambiri zokhudza msonkho, mankhwala m'chipatala ndi munthu amene adzatsogolere apolisi zimakonzedwa kapena kuonongekera m'zipinda zing'onozing'ono ndi m'mapepala omwe ambirife sitinawaonepo.

"Nyumba ikatseka ndiye kuti ntchito yatha"

N'zoona kuti aphungu onse pamodzi, omwe adali 193 kufikira chisankho cha pa 16 Seputembala 2025 pamene chiwerengerochi chidakwera kufika pa 229, amakumana masabata owerengeka pa chaka. Koma Nyumbayi ili ndi makomiti, ndipo ambiri amakumana pamene Nyumba yonse ili pa tchuthi. Malamulo aakulu a dziko amatchula ena mwachindunji: komiti yoona za kusankhidwa kwa anthu m'maudindo a boma, ya bajeti, ya zamalamulo ndi ya chitetezo. Ena, monga a zaulimi, zaumoyo ndi zamaphunziro, amakhazikitsidwa ndi Nyumbayo. Komiti ili ndi mphamvu yoitana munthu aliyense wa udindo kuti adzayankhe mafunso, ndipo woitanidwayo sabwera mwa chifundo chake ayi, lamulo ndi limene limamubweretsa.

Komiti imene ndimaiona kuti ndi yofunika kuposa onse ndi yolondoloza momwe chuma cha boma chagwirira ntchito. Mwa mwambo, wapampando wake amachokera ku mbali yotsutsa boma. Pa tebulo pake pamakhala lipoti la Auditor General, mkulu wofufuza mabuku a chuma cha boma, ndipo moyang'anizana nawo pamakhala mlembi wamkulu wa unduna kapena bwanamkubwa wa boma. Mafunso ake sakoma kumva pa wailesi. Malisiti a ndalama izi ali kuti? Mafuta a galimoto awa adapita ulendo wanji? Katunduyu mudalipira, nanga adalowa m'buku liti la kosungira katundu? Bwana amene amalankhula momasuka pamaso pa atolankhani akafika apa amayamba kupempha masiku oti akafunefune mapepala. Amene adatsatira nkhani ya Cashgate ya mu 2013 akudziwa kuti ndalama za boma zimatuluka kudzera pa mapepala otere, choncho ndi pa mapepala pomwepo pamene ziyenera kutsekeredwa.

"Nanga akapeza wakuba, bwanji osamumanga?"

Komiti si khoti ndipo si polisi. Imafufuza, imalemba lipoti, imapereka maganizo ake ku Nyumba. Kumanga ndi kuzenga mlandu ndi ntchito ya apolisi, bungwe lothana ndi katangale la ACB, mkulu wozenga milandu ya boma ndi makhoti. Kumayambiriro kwa 2017 komiti ya aphungu yotsogozedwa ndi Joseph Chidanti Malunga idafufuza za chimanga chimene ADMARC inkagula ku Zambia. Dziko lonse lidatchera khutu, ndipo mu Febuluwale chaka chomwecho George Chaponda adachotsedwa pa unduna wa zaulimi. Koma nkhaniyo itafika ku khoti, mu 2018 adapezeka wosalakwa. Komiti idachita mbali yake yotulutsa nkhani poyera, khoti lidachita mbali yake yoyeza umboni, ndipo dziko loyenda bwino limafuna zonse ziwiri.

Kufooka kwenikweni kuli pena. Malipoti a kafukufuku wa chuma amafika mochedwa, nthawi zina woyenera kuyankha atasamutsidwa kale kapena atapuma pantchito. Zimene komiti yanena kuti zichitike zimatha kugona m'makabati popanda wozitsata. Apa ndi pamene mkwiyo wa anthu ukadathandiza, chifukwa palibe nduna imene imachita mantha ndi lipoti lomwe ovota sakulidziwa.

Pali malo amodzi pomwe mano a aphungu amaluma nthawi yomweyo, ndiwo a maudindo. Mtsogoleri wa dziko amasankha, koma maudindo ena sakhazikika aphungu asanavomereze. Mu 2005 Nyumba idakana Mary Nangwale kukhala mkulu wa apolisi, ngakhale Bingu wa Mutharika adali atamusankha. Mu Meyi 2021 komiti ya maudindo idakana Martha Chizuma kukhala mkulu wa ACB. Anthu adalusa, nkhani idalowa m'Nyumba, ndipo pasanathe masiku ambiri komiti yomweyo idamuvomereza. Aphungu ochepa okhala m'chipinda chimodzi adatsala pang'ono kusintha amene adzafufuze katangale m'dziko lonse, ndipo chidawabweza ndi chakuti ulendo umenewo anthu adali maso.

"Bilu ikadutsa, lamulo layamba kugwira ntchito"

Chikhulupiriro ichi chakhumudwitsa anthu ambiri. Bilu imayamba yasindikizidwa mu Gazette ya boma, ndipo malamulo a Nyumba amati aphungu akhale nayo masiku 28 isanakambidwe. Ikalowa m'Nyumba imawerengedwa koyamba, komwe ndi kungotchula mutu wake. Ingathe kutumizidwa ku komiti kuti ikaunike ndi kumva maganizo a okhudzidwa. Kuwerenga kwachiwiri ndiko kumakhala mtsutso pa cholinga chake. Kenako Nyumba yonse imakhala ngati komiti imodzi, n'kumadutsa ndime ndi ndime, ndipo apa ndi pomwe mawu amachotsedwa kapena kuwonjezedwa. Ikawerengedwa kachitatu ndi kuvomerezedwa imapita kwa mtsogoleri wa dziko, amene ali ndi masiku 21 oti asaine kapena aibweze kwa sipikala pamodzi ndi zifukwa zake. Peter Mutharika adachita zimenezi mu Malichi 2020 pamene adakana kusaina mabilu a zachisankho omwe aphungu adavomereza potsatira chigamulo cha khoti cha pa 3 Febuluwale chothetsa zotsatira za chisankho cha mtsogoleri wa dziko. Bilu yobwezedwa ikavomerezedwanso ndi Nyumba m'nthawi imene malamulo adaika, mtsogoleri sangaikanenso.

Ngakhale kusainako si mapeto. Malamulo ambiri amasiya m'manja mwa nduna kuti itchule tsiku loyambira. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani zosungidwa ndi boma lidadutsa m'Nyumba mu Disembala 2016, lidasainidwa mu Febuluwale 2017, koma lidayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020. Zaka zoposa zitatu lidangokhala papepala, mtolankhani kapena munthu wamba akapempha chikalata ku ofesi ya boma alibe choimirapo.

Njira yaitaliyi ena amaitcha kutaya nthawi. Ine ndimaiona kuti ndi mpata wokhawo umene munthu wamba ali nawo wolowetsa mawu ake m'lamulo. Bilu ya HIV ndi Edzi idabwera ndi ndime zokakamiza magulu ena a anthu kuyezetsa magazi, ndi zina zopereka chilango kwa munthu amene wapatsira mnzake kachilombo. Amayi omwe ali ndi kachilomboka, pamodzi ndi mabungwe owaimira, adafotokozera aphungu kuti mayi ndi amene amayamba kuyezedwa ku sikelo, choncho ndi iyeyo amene angayambe kuimbidwa mlandu ngakhale kachilomboko kadabwera ndi mwamuna. Pamene biluyo inkadutsa mu Novembala 2017, ndimezo zidali zitachotsedwa. Chiopsezo chili pamene boma lapempha Nyumba kuti iike pambali masiku 28 aja, bilu n'kudutsa aphungu asanaiwerenge bwino. Boma lokhala ndi aphungu ochuluka limakopeka kwambiri ndi njira yachiduleyi, ndipo malamulo odutsa pa mphamvu ya chiwerengero sakhalitsa. Mbendera idasinthidwa mu 2010, mu 2012 Nyumba yomweyo idabwezeretsa yakale.

"Aphungu ndi amene amalemba malamulo"

Mabilu ambiri amachokera ku boma. Unduna umabweretsa ganizo, akatswiri a ku unduna wa zachilungamo amalilemba, nduna zonse zimalivomereza, ndipo nduna ndi imene imalibweretsa m'Nyumba. Phungu wamba ali ndi tsiku lake, Lachinayi, lobweretsa nkhani kapena bilu yake. Koma gawo 57 la malamulo aakulu silimulola kubweretsa bilu yowonjezera msonkho kapena yotapa m'thumba la boma popanda chilolezo cha nduna ya zachuma. Choncho phungu akalonjeza pa msonkhano kuti akakweza malipiro a aphunzitsi, akulonjeza chinthu chimene sangachichite yekha.

Izi sizikutanthauza kuti bilu ya phungu mmodzi ndi yopepuka. Mu Julayi 2002 bilu yochotsa malire a materemu a mtsogoleri wa dziko idabwera kudzera mwa phungu wa chipani cha AFORD, Khwauli Msiska. Kusintha malamulo aakulu kumafuna magawo awiri mwa atatu a aphungu onse, omwe pa nthawiyo adali mavoti 128. Biluyo idapeza 125.

"Bajeti ikachedwa boma liima"

Chaka cha boma cha zachuma, chomwe kuyambira 2022 chimayamba pa 1 Epulo, chikhoza kufika bajeti isanadutse. Malamulo aakulu adaganizira zimenezi ndipo amalola kuti boma lipatsidwe ndalama zoyendetsera ntchito zake kwa miyezi inayi. Zidatero mu Juni 2020, boma latsopano litangolowa. Mu 2007, pamene otsutsa ankati gawo 65 lokhudza aphungu osamuka chipani liyambe lakambidwa, bajeti idachedwa kufikira mu Seputembala. Dziko lidavutika, koma silidaime.

Chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti nduna ya zachuma ikangomaliza kuwerenga bajeti, Nyumba imabalalika n'kulowa m'magulu a makomiti kwa masabata angapo. Kumeneko unduna uliwonse umafotokoza ndalama zomwe udapempha, zomwe wapatsidwa ndi zomwe udalandiradi chaka chatha. Ziwerengero zitatuzi sizifanana kawirikawiri, ndipo kusiyana kwake ndiko kumafotokoza chifukwa chake chipatala chili m'bajeti koma mulibe mankhwala. Akabwerera m'Nyumba amavomereza ndalama za unduna umodziumodzi. Angathe kuimitsa za unduna wina mpaka nduna itayankha zogwira mtima, koma sangawonjezere ndalama pa okha.

"Phungu wabwino ndi womanga milatho ndi kugula mabokosi"

Ichi ndicho chikhulupiriro chozama kuposa zonse, ndipo aphungu eni ake adathandiza kuchidzala. Ntchito ya phungu m'malamulo ndi itatu: kuimira anthu, kupanga malamulo ndi kulondoloza boma. Chitukuko cha m'dera chili m'manja mwa khonsolo ndi makhansala. Koma kuyambira 2005 kufikira 2014 dziko lidakhala lopanda makhansala, ndipo thumba la chitukuko cha m'madera la CDF lidabadwa m'zaka zomwezo. Anthu adazolowera kuti mjigo ukafa, denga la sukulu likasasuka, kapena pamudzi pakagwa zovuta, woimbira foni ndi phungu. Sindikuwadzudzula, chifukwa munthu amathamangira kumene thandizo limapezeka. Zotsatira zake n'zimene zimapweteka. Phungu amene amawerenga malipoti ndi kufunsa mafunso olimba m'komiti angathe kugwa pa chisankho, amene sadatsegulepo pakamwa ku Lilongwe n'kupambana chifukwa galimoto yake imanyamula maliro. Komanso phungu amene akuyendetsa yekha ndalama za chitukuko sangazilondoloze, popeza wofunsa ndi woyankha akhala munthu mmodzi. Mu Meyi 2025 khoti lidagamula kuti kulowerera kwa aphungu pa kayendetsedwe ka CDF komanso kuvota kwawo m'makhonsolo n'kosemphana ndi malamulo aakulu, pa chifukwa chomwechi.

Ena amati phungu akalephera tingathe kumuchotsa nthawi yake isanathe. Gawo 64, lomwe linkapereka mphamvu imeneyi kwa ovota, lidachotsedwa ndi aphungu mu 1995. Chotsala ndi voti ya pa zaka zisanu, ndipo voti imeneyo imafuna kuti munthu adziwe zimene phungu wake wachita. Mawu onse olankhulidwa m'Nyumba amalembedwa m'buku lotchedwa Hansard, koma ali m'Chingerezi, chilankhulo chimene gawo 51 limati aliyense wofuna uphungu azichidziwa. Malipoti a makomiti nawonso ali m'Chingerezi. Nkhani zambiri zimavomerezedwa pongofuula kuvomera kapena kukana, kotero kuti dzina la phungu silioneka kuti adaima mbali iti, kupatula pamene Nyumba yachita kuitana maina mmodzimmodzi.

Palibe lamulo loletsa Nyumba kutulutsa chidule cha lipoti la komiti iliyonse m'Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, Chisena ndi Chitonga, n'kuchipereka ku mawailesi a m'madera, pamodzi ndi maina a aphungu amene adafika pa zokambiranazo ndi amene sadafike. Aphungu 229 amene alipo tsopano angathe kugwirizana zimenezi pa Lachinayi limodzi.