KODI MAPIRITSI A CINANAZI ACIRITSA NYAMAKAZI YA M'MAONDO?

M'makomboni a mu Kafue monga Zambia Compound, Shikoswe ndi Nangongwe muli acikulire ambiri amene avutika ndi maondo. Ena anagwira nchito yonyamula katundu ku Nitrogen Chemicals ndi ku Kafue Textiles, ena ndi azimai amene akhala zaka zambiri akusenza mitolo ya pamsika. Masiku ano ena a iwo ayamba kugula mapiritsi ochedwa bromelain, atamva kuti popeza ndi ocokera ku cinanazi, adzacotsa nyamakazi.

Nthenda imeneyi pa Cingerezi ichedwa osteoarthritis. Pansonga pa mafupa, pamene akumana, pali kamnofu koterera. Ukalamba, kunenepa, nchito yolemetsa kapena ngozi yakale zimadya kamnofuka, ndipo mafupa amayamba kukhuzana. Bondo limauma m'mawa, limalira poyenda, ndi kupweteka pokwera kapena pogwada. Bungwe la World Health Organization linati m'caka ca 2019 anthu 528 miliyoni anali nayo, ambiri a iwo azimai.

Bromelain ndi cinthu ceniceni. Ndiye amayabwitsa lilime munthu akadya cinanazi caciwisi, ndiyenso amafewetsa nyama. Wa m'mapiritsi amamutenga makamaka ku tsinde la cinanazi. Conco kudya zinanazi za ku Mwinilunga n'kwabwino m'thupi, koma sikufanana ndi kumwa mapiritsiwo, ndipo cinanazi ca m'citini cilibe mphamvuyi cifukwa moto umaiononga.

Nanga amathandiza? M'caka ca 2006 akatswiri a ku Southampton ku England anafalitsa zimene anapeza pa odwala 47 a maondo. Ena anamwa 800 mg ya bromelain tsiku ndi tsiku kwa milungu 12, ena anamwa mapiritsi opanda mankhwala. Pomaliza panalibe kusiyana kweni-kweni pakati pa magulu awiriwa. Ogulitsa amakonda kuchula kufufuza kwa ku Pakistan kwa mu 2004, kumene mapiritsi okhala ndi bromelain anacepetsa ululu mofanana ndi diclofenac. Koma m'mapiritsi amenewo munalinso mankhwala ena awiri, ndipo anawayesa kwa milungu 6 cabe. Nyamakazi ndi nthenda ya zaka. Palibe umboni wakuti bromelain amabweza kamnofu kamene kanatha, ndipo wogulitsa amene alonjeza zimenezo afuna ndalama cabe.

Cinthu cacikulu codetsa nkhawa n'cakuti bromelain angacedwetse magazi kuundana. Munthu amene akumwa warfarin kapena aspirin tsiku lililonse angayambe kucha magazi m'mphuno, m'nkhama kapena m'mimba. Amene ayembekezera opareshoni kapena kuzula dzino ayenera kuuza dokotala ndi kuleka mapiritsiwa pasadakhale. Angaonjezenso mphamvu ya amoxicillin ndi tetracycline m'magazi. Ena amatsegula m'mimba, ndipo amene amatuluka zidzolo akadya cinanazi asawayese n'komwe. Mai wapakati awapewe.

Amene afunabe kuyesa ayambe wanyamula botolo lake, pamodzi ndi mankhwala onse amene akumwa, kukaonetsa ku kiliniki kapena ku cipatala cacikulu ca Kafue. Agule ku famasi yololedwa ndi ZAMRA, bungwe loyang'anira mankhwala m'Zambia, osati kwa oyenda nawo m'cola.

Zimene zidziwika kuti zithandiza n'zosafuna ndalama zambiri. Wonenepa akacepetsa thupi, bondo limapepukidwa. Kuyenda pang'ono tsiku lililonse pamalo osalala kumalimbitsa minofu ya nchafu, pamene kukhala pansi tsiku lonse kumaumitsa bondo. Wokhala pampando aongole mwendo, augwire m'mwamba pang'ono, autsitse, abwereze kakhumi. Ndodo igwiridwe ku dzanja la mbali imene siipweteka. Ambiri amaigwira kolakwika. Mafuta opaka a diclofenac savutitsa m'mimba monga mapiritsi ake. Brufen ndi diclofenac wakumwa ndi oopsa kwa a zilonda za m'mimba, a BP ndi a matenda a impso ngati amwedwa kwa miyezi popanda wa cipatala kudziwa.

Koma bondo likatupa mwadzidzidzi, n'kutentha, munthu n'kumva malungo kapena kulephera kuponda pansi, imeneyo siikhala nyamakazi ya ukalamba. Mwina mwalowa mafinya. Wodwalayo apite naye ku cipatala tsiku lomwelo.