Kachilombo ka m'mimba komwe kangayambitse khansa

Achinyamata anzanga, poyendera midzi kuno ku Nkhamenya ndimakumana ndi anthu ambiri odandaula chilungulira ndi kuwotcha kwa m'mimba. Ambiri amangomwa soda kapena kugula mapilitsi pagolosale, nkumati ndi zilonda za m'mimba chabe. Kodi mukudziwa chomwe chimayambitsa zambiri mwa zilondazi?

Ndi kachilombo ka mtundu wa bakiteriya kotchedwa Helicobacter pylori, komwe madokotala awiri a ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, adakatulukira mu 1982. Kawirikawiri timakatenga tili ana kudzera m'malovu, masanzi, madzi kapena chakudya chosasamalidwa, ndipo kamakhala m'chifu zaka zambiri.

Mitundu ina ya kachilomboka imabaya poizoni wotchedwa CagA m'maselo a khoma la chifu. Khomalo limatupa nkumanyekanyeka. Thupi limayesetsa kupanga maselo atsopano, koma pakapita zaka ena mwa maselowo amasokonekera nkuyamba kuchulukana mosalekeza. Imeneyi ndiye khansa. Mu 1994, nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la WHO idaika kachilomboka m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa. M'matumbo namonso, mitundu ina ya bakiteriya wa E. coli imatulutsa poizoni wotchedwa colibactin, yemwe amaononga malangizo a chibadwa a m'maselo.

Tisachite mantha. Ambiri mwa anthu omwe ali ndi kachilomboka sadwala khansa, ndiponso kali ndi mankhwala omwe amamwedwa kwa masabata pafupifupi awiri. Koma kusuta fodya ndi kudya mchere wambiri kumaonjezera chiopsezo. Kuno fodya timalima kuti tipeze ndalama, osati tizisuta.

Pitani kuchipatala msanga ngati m'mimba mukuwawa kosalekeza, mukuonda, mukukhuta mutangodya pang'ono, mukusanza magazi kapena chimbudzi chikutuluka chakuda ngati phula. Anzathu omwe mukumwa ma ARV, musawasiye chifukwa cha m'mimba, ndipo funsani adokotala musanamwe mankhwala a chilungulira. Ena mwa iwo, monga a magnesium, amalepheretsa dolutegravir kulowa bwino m'thupi mukamwera pamodzi.

Tizisamba m'manja ndi sopo tikachoka kuchimbudzi komanso tisanadye. Madzi a pachitsime tiziwiritsa kapena kuthira klorini. Uthengawu tikaufikitse kwa makolo ndi agogo athu, chifukwa khansa ya m'chifu imaonekera kwambiri kwa akuluakulu.